Nsanja ya Nyali ya pa Chilumba cha Goa

Munthu atanyamuka pa boma la Ntcheu m'mamawa, nalunjika kumene kumatulukira dzuwa osapatukira kumanja kapena kumanzere, angatsike mapiri, nadutsa chigwa cha Bwanje, nawoloka mtsinje wa Shire, nalowa m'dziko la Mozambique cha ku nyanja ya Chiuta. Atayenda makilomita oposa 600, mtunda ungamuthere m'mphepete mwa nyanja yaikulu yamchere ya India, moyang'anana ndi chilumba chotchuka cha Mozambique. Kutsogolo kwa chilumbachi, pafupifupi makilomita 5 kulowa m'kati mwa nyanja, kuli kachilumba kena kakang'ono kotchedwa Goa. Pa kachilumba kameneka palibe mudzi, palibe msika, palibe ngakhale kamtsinje. Chimene chilipo ndi nsanja yaitali yamiyala, yokhala ndi nyali pamwamba pake, imene idayamba kuunikira amalinyero m'chaka cha 1876. Mwa nsanja zonse za nyali za m'dziko la Mozambique, iyi ndiyo yakale kopambana.

Wina angafunse kuti, kodi mlimi wa kachewere wa ku Tsangano, kapena mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu, nyali ya kutali choteroyo ikumukhudza bwanji? Yankho lake lili m'thumba la feteleza. Dziko la Malawi lilibe doko pa nyanja yamchere. Feteleza wambiri amene amathiridwa m'minda, mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi makina osiyanasiyana amabwera pa sitima zapamadzi, natsikira pa madoko a maiko oyandikana nawo monga Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo nazonso zimatulukira komweko. Motero chitetezo cha sitima pa gombe la Mozambique ndi nkhani imene imafika mpaka pa mtengo wa katundu m'sitolo ya pa Kampepuza.

Nsanja yomangidwa kuti ioneke

Mlimi wa m'mphepete mwa phiri amamanga chilindo pamalo okwera kuti aone anyani ndi nguluwe zisadalowe m'munda. Nsanja ya nyali imafanana ndi chilindo pa kutalika kwake, koma cholinga chake nchosiyana, pakuti iyo imamangidwa kuti anthu a kutali aione. Usana amalinyero amaizindikira ndi maonekedwe ake ndi utoto wake, ndipo usiku amaizindikira ndi kuwala kwake. Akaiona amadziwa malo amene sitima yawo yafika, mbali imene kuli matanthwe, ndi mbali imene kuli khomo lolowera padoko.

Nzeru imeneyi njakale. Nsanja yotchuka kwambiri ya makedzana idali pa chilumba cha Pharos, pa doko la Alexandria ku Egypt. Idamangidwa pafupifupi zaka 280 Yesu asadabadwe, ndipo idali yaitali mamita oposa 100. Pamwamba pake ankasonkhapo moto. Zivomezi zidaigwetsa pang'onopang'ono, koma dzina lake lidatsala, chifukwa mawu akuti farol, amene Apwitikizi amatchulira nsanja ya nyali, adachokera ku dzina la chilumba chomwecho.

Gombe loopsa ndi mbiri yake

Pakati pa Mozambique ndi chilumba chachikulu cha Madagascar pali mpata wa nyanja umene pamalo ake opapatiza ndi wotambalala makilomita pafupifupi 420. Madzi a mumpatamu sakhala chete. Amayenda ndi mphamvu, ndipo amatha kukokera sitima kutali ndi njira yake woyendetsa osazindikira. Pafupi ndi gombe pali matanthwe akuthwa amene amamira madzi akadzaza, naonekera madzi akaphwa. Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo kumabukanso anamondwe aukali. M'chaka cha 1585 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Santiago idasweka usiku pa matanthwe a Bassas da India, m'kati mwa mpatawu, ndipo anthu ambiri adamira. Akuluakulu adati tsoka silinunkha, ndipo panyanja usiku thanthwe silioneka kufikira sitima italigunda.

Ngakhale zidali choncho, amalonda sadaleke kudzera kumeneku. Aluya ndi Aswahili ankabwera ndi zombo zawo zamathanga potsatira mphepo za nyengo. Mphepo ya kumpoto inkawabweretsa kummwera m'miyezi ya dzinja, ndipo mphepo ya kummwera inkawabweza kwawo m'miyezi yachisanu. Vasco da Gama adafika pa chilumba cha Mozambique m'chaka cha 1498, ndipo patapita zaka zochepa Apwitikizi adachisandutsa malo opumirapo pa ulendo wawo wa ku mzinda wa Goa ku India. M'chaka cha 1522 adamangapo katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, kamene kakadalipobe, ndipo mu 1558 adayamba kumanga linga lalikulu la São Sebastião. Kachilumba ka kutsogolo kaja, kamene Apwitikizi oyamba ankakatcha São Jorge, kadadziwika ndi dzina loti Goa chifukwa kali pa njira imene sitima zinkatulukira popita ku India.

Mbiri ya gombeli ili ndi misozi yambiri. Minyanga ya njovu yochokera ku madera ozungulira nyanja ya Malawi inkasenzedwa pamutu mpaka kumeneku, ndipo pamodzi ndi minyangayo ankabweranso anthu ogwidwa ukapolo. M'mwezi wa Disembala 1794 sitima yotchedwa São José idanyamuka pa chilumba cha Mozambique ndi akapolo pafupifupi 500 kupita nawo ku Brazil. Pa 27 mwezi womwewo idasweka pa matanthwe pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo amene adapulumuka adagulitsidwa konko. Zotsalira za sitimayi zidalengezedwa kuti zapezeka m'chaka cha 2015.

Chilumba cha Mozambique chidakhudzanso mbiri ya Malawi m'njira zina. M'chaka cha 1864 David Livingstone adafika kumeneku ndi sitima yake yaing'ono yotchedwa Lady Nyassa, imene idapangidwira nyanja ya Malawi koma siidafikeko. Kuchokera apo adapita ku Zanzibar, nawoloka nyanja mpaka ku Bombay. Nthawi imeneyo nsanja ya pa Goa idali isadamangidwe. Mu 1889 Harry Johnston adatumizidwa kudzakhala kazembe wa Britain ku Mozambique, ndipo ndi udindo umenewu adakwera mtsinje wa Shire kukapangana mapangano ndi mafumu, mpaka dziko lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1891.

Kumangidwa kwa nsanja

Ngalande ya Suez itatsegulidwa m'chaka cha 1869, sitima zoyendera malasha zidayamba kuchuluka pa gombe la kuvuma kwa Africa. Sitima zimenezi sizinkadikira mphepo ngati zombo zamathanga. Zinkayenda usana ndi usiku, zitanyamula makalata, anthu ndi katundu wofunika kufika pa tsiku lake. Popeza chilumba cha Mozambique ndicho chidali likulu la boma la Apwitikizi m'dzikomo, padafunika chizindikiro chodalirika pakhomo pa doko lake. Kachilumba ka Goa kadali malo oyenera, chifukwa ndiko koyamba kukumana ndi sitima yochokera m'kati mwa nyanja.

Nsanjayi idayamba ntchito mu 1876, chaka chomwe mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa, patangopita chaka chimodzi chilowereni sitima ya Ilala yoyamba pa nyanja ya Malawi. Pa nthawiyo Angoni a Maseko adali atakhazikika kudera la phiri la Domwe. Nsanja yoyambayo idali yaitali mamita 12 okha. M'chaka cha 1923, m'masiku a Inkosi Gomani II, idakwezedwa mpaka mamita 31. Ili ndi mbali zinayi, osati yobulungira monga nsanja zambiri, ndipo m'munsi mwake muli nyumba ya alonda. Idapakidwa mizere yopingasa, yofiira ndi yoyera, kuti izioneka bwino usana pakati pa mchenga woyera ndi thambo.

Chifukwa chokwezera nsanjayi chili m'mapangidwe a dziko lapansi. Dziko ndi lobulungira, ndipo nyanja imapindika pamodzi nalo. Munthu woima pagombe amaona madzi mpaka pafupifupi makilomita 5 basi, ndipo chilichonse chachifupi chimene chili kuseri kwa malire amenewo chimabisika. Nyali yokwera mamita 12 imafika pafupifupi makilomita 12, pamene yokwera mamita 31 imafika pafupifupi makilomita 20. Woyendetsa sitima nayenso akakhala pamalo okwera, mtunda umawonjezereka. Ngati maso ake ali mamita 15 pamwamba pa madzi, amawonjezera makilomita ena pafupifupi 14, malinga nyaliyo ikhale yamphamvu ndipo kunja kukhale kopanda nkhungu. Lamulo lake ndi lakuti, pofuna kuti nyali ifike kutali kawiri, nsanja iyenera kutalika kanayi. Anthu a ku Ntcheu chinthu chimenechi amachidziwa ndi maso, pakuti woima pamwamba pa mapiri a Kirk amaona chigwa chonse cha Bwanje, pamene wa m'chigwamo amangoona mitengo yomuzungulira.

Chinsinsi cha magalasi

Kutalika kokha sikukwanira. Koloboyi woyaka m'nyumba amamwaza kuwala kwake mbali zonse, kudenga, pansi ndi m'makoma. Nyali ya pansanja ikachita chimodzimodzi, kuwala kwambiri kungapite kumwamba ndi m'madzi, kumene kulibe woona. Vuto limeneli adalithetsa katswiri wa ku France, Augustin Fresnel. Iye adakonza magalasi odulidwa ngati mphete, zosanjikizana mozungulira nyali. Mphete iliyonse imapinda kuwala kumene kukadasochera, nikulunjikitsa njira imodzi yopingasa, yolunjika kumene nyanja imakumana ndi thambo. Galasi loyamba la mtundu umenewu lidaikidwa pa nsanja ya Cordouan ku France m'chaka cha 1823, ndipo posakhalitsa lidafalikira m'maiko ambiri. Chifukwa cha luso limeneli, lawi laling'ono lidayamba kuoneka pa mtunda umene kale unkafuna chimoto chachikulu.

Padatsalabe vuto lina. Woyendetsa sitima akaona kuwala usiku, adziwa bwanji kuti ndi nsanja ya pa Goa, osati moto wa asodzi kapena nsanja ina ya pa gombe lomwelo? Kulakwitsa pamenepa kudamiza sitima zambiri m'maiko osiyanasiyana. Nchifukwa chake nsanja iliyonse idapatsidwa kaphethiridwe kakekake. Ina imaphethira kamodzi pakapita masekondi angapo, ina kawiri motsatizana kenaka nkupuma, inanso imaonetsa kuwala kofiira kumbali imene kuli matanthwe. Zonsezi zimalembedwa pa mapu a panyanja ndi m'buku la mndandanda wa nyali limene sitima iliyonse imayenda nalo. Mmalinyero amawerenga kuphethirako ndi wotchi, nayang'ana m'buku, nadziwa nsanja imene akuiona, monga momwe munthu wa m'mudzi amasiyanitsira ng'oma ya gule ndi ng'oma yolengeza maliro ngakhale ali kumunda.

M'nsanja zambiri zakale nyali yeniyeniyo siinkazima. Chimene chinkazungulira ndi magalasi, ndipo kuwala kukamadutsa pamaso pa munthu wa panyanja ankaona ngati kuphethira. Magalasiwo ankazungulitsidwa ndi makina onga a wotchi yaikulu, okokedwa ndi chitsulo cholemera chimene chinkatsika pang'onopang'ono m'kati mwa nsanja. Chikafika pansi, mlonda ankayenera kuchikwezanso ndi manja.

Moyo wa alonda a nyali

Ntchito ya mlonda wa nyali idali ya munthu wodziletsa. Dzuwa likamalowa ankakwera makwerero kukayatsa nyali, ndipo usiku wonse ankayenera kukhala maso, kuthira mafuta, kudula chingwe cha nyali kuti isachite mwaye, ndi kukweza chitsulo cha makina. Kukacha ankazimitsa, napukuta magalasi limodzi ndi limodzi, popeza mchere wa m'nyanja ndi utsi zimachititsa khungu galasi. Ankalembanso m'buku za nyengo ndi za sitima zodutsa. Usiku wa namondwe, pamene munthu aliyense amafuna kubisala m'nyumba, ndi pamene nyali inkafunika kopambana.

Pa kachilumba ngati Goa, chakudya, mafuta ndi makalata zimadalira bwato lochokera kumtunda, ndipo nyanja ikakwiya bwato silibwera. Madzi akumwa ndi vuto lalikulu m'dera lonseli. Ngakhale pa chilumba cha Mozambique chenicheni, nyumba zakale zidamangidwa ndi madenga afulati okololera madzi amvula ndi kuwasunga m'zitsime zomangidwa. Mlonda ankatumikira anthu amene sadawaonepo nkhope ndipo sadzawaonanso. Sitima ikadutsa bwino, palibe amene ankabwera kudzamuthokoza, koma nyali ikazima usiku umodzi, mlandu wake udali wa miyoyo ya anthu.

Pang'onopang'ono makina adayamba kutenga ntchitoyi. Katswiri wa ku Sweden, Gustaf Dalén, adapanga kachipangizo kamene kankayatsa nyali ya gasi kukada ndi kuizimitsa kukacha popanda munthu, ndipo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1912. Pambuyo pake kudabwera magetsi. Masiku ano nsanja zambiri za m'malo akutali zimayendera mphamvu ya dzuwa, imene imasungidwa m'mabatire usana nigwiritsidwa ntchito usiku, monga momwe mabanja ambiri a m'midzi ya ku Malawi akuunikirira nyumba zawo.

Malonda atasamukira kwina

Nsanja ya pa Goa idamangidwa doko lake litatsala pang'ono kuzilala. M'chaka cha 1898 likulu lidasamukira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Doko la Beira lidakula, ndipo mu 1904 nalonso lidalandira nsanja yake ya Macuti, yaitali mamita 28. Mlatho wa njanji wa pa Zambezi utatha mu 1935, katundu wa ku Nyasaland adayamba kuyenda pa njanji kuchokera ku Beira mpaka ku Salima, podzera pa Balaka ndi pa Sharpevale m'boma la Ntcheu. Kumpoto kwa chilumba cha Mozambique kudatsegulidwanso doko la Nacala, limene ndi lakuya mwachilengedwe kotero kuti sitima zikuluzikulu zimalowa mosavuta. M'chaka cha 1970 njanji yochokera pa Nkaya kudzera pa Nayuchi idalumikiza Malawi ndi doko limeneli. Chilumba chakale chija chidatsala ndi zombo zamathanga za asodzi, ngakhale dzina lake ndilo lidakhala dzina la dziko lonse, limene lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975.

Kufunika kwa njira za kunyanja Amalawi adakumva kwenikweni m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique. Pofika m'chaka cha 1984 njanji za ku Beira ndi ku Nacala zidali zitatsekeka, ndipo katundu wambiri ankazungulira mpaka ku Durban, ulendo wautali kangapo ndi wodula kwambiri. Mitengo ya zinthu idakwera. Anthu othawa nkhondo adafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko la Malawi, ndipo boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, lidalandira ambiri. Mtendere udabwera ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu 1991, bungwe la UNESCO lidaika chilumba cha Mozambique pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika kutetezedwa pa dziko lonse.

Kodi nyali ikadali ndi ntchito?

Sitima za masiku ano zimadziwa malo ake kudzera mu GPS, imene imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, ndiponso zili ndi zida zoonera gombe ngakhale mumdima. Chifukwa cha ichi ena amati nsanja za nyali zidatha ntchito. Koma amalinyero amaphunzitsidwabe kusadalira chida chimodzi. Magetsi a m'sitima amatha kuzima, ndipo uthenga wa masetilaiti umatha kusokonezedwa, pamene nyali ya pagombe imaoneka ndi maso chabe. Kuwonjezera apo, asodzi ambiri a m'chigawo cha Nampula amayendabe m'zombo zamathanga ndi m'mabwato opanda chida chilichonse, ndipo pobwerera kwawo usiku amayang'ana zizindikiro za pagombe monga ankachitira makolo awo.

Nyali ili ndi malire ake. Imachenjeza za thanthwe, koma siiletsa mphepo. Pa nyanja ya Malawi, sitima ya Vipya idamira ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 adataya miyoyo yawo. Anamondwe omwewo amene amaopseza sitima ndiwo amawononganso nsanja. Namondwe wa Gombe adagwera pa gombe la Nampula m'mwezi wa Malichi 2022, pafupi ndi chilumba cha Mozambique, asadalowe mpaka kummwera kwa Malawi. Mchere umadya zitsulo, mvula imalowa m'ming'alu ya makoma, ndipo kukonza nyumba pa kachilumba kopanda msewu kumafuna kuti laimu, utoto ndi amisiri ziwoloke pabwato.

M'chaka cha 2026 nsanja ya pa Goa ikukwanitsa zaka 150. Alendo amene amafika pa chilumba cha Mozambique, podzera pa mlatho wautali makilomita oposa 3 umene udamangidwa m'zaka za m'ma 1960, amatha kuiona kuvuma ataima pa makoma a linga la São Sebastião, ndipo ena amabwereka chombo chamathanga kuti akafike pamalopo. Kwa munthu wochokera ku Ntcheu, ulendowo ndi wodzera pa Balaka, Liwonde ndi Nayuchi, kenaka Cuamba ndi Nampula, njira yomweyo imene feteleza amadzera pobwera kumunda kwake.